Funso Limodzi, Ola Limodzi: Kuyendetsa Zokambirana pa Msonkhano wa Okonda Anime

Lero tikamba za ntchito imene imaoneka yopepuka ukakhala pa mpando wa omvera, koma imatulutsa thukuta akakupatsira maikolofoni. Ntchito yake ndi yoyendetsa zokambirana pa msonkhano wa anthu okonda anime.

Kwa inu amene dzinali ndi lachilendo, anime ndi makatuni a ku Japan. Ngati mwana wanu kapena mdzukulu wanu amangotchula za Naruto, Goku kapena Luffy, dziwani kuti anime inalowa kale m'nyumba mwanu. Ndipo si za ana okha ayi. Amene anakula akuonera Dragon Ball lero ndi anthu a pabanja, ndipo akuonerabe. Anthu amenewa ali ndi misonkhano yawo ikuluikulu. Ku Tokyo kuli Comiket, umene unayamba m'chaka cha 1975, kumene anthu amakagulitsa mabuku a zithunzi amene ajambula okha. Ku Los Angeles kuli Anime Expo, kumene kumasonkhana anthu oposa 100,000. Ku Washington kuli Otakon, ku Paris kuli Japan Expo, ndipo ku Johannesburg kuli Comic Con Africa, umene unayamba mu 2018, kumene anime imakumana ndi makomiki ndi magemu.

Mukalowa pa msonkhano ngati wa Anime Expo kapena Otakon, choyamba kukumana nacho ndi phokoso. Uku akugulitsa zidole ndi malaya, uku anthu avala ngati anthu a m'makatuni amene amawakonda, chimene iwo amati cosplay, wina wanyamula chilupanga chachikulu chopangidwa ndi siponji. Koma mukadutsa piringupiringu ameneyu mupeza zipinda zam'mbali. Mkati mwake muli mipando yondandalika, tebulo kutsogolo, maikolofoni awiri kapena atatu, ndi sikirini. Mmenemo ndi mmene mumachitikira zokambirana, zimene eni ake amati panel. Mapanel ena amakhala a makampani akuluakulu, koma ambiri amakonzedwa ndi anthu wamba, okonda anime ngati inu. Munthu amangopempha malo kwa okonza msonkhano, akamuvomera amapatsidwa chipinda ndi ola limodzi.

Ndiye tiyerekeze kuti munthu ameneyo ndinu. Mfundo yanga yaikulu lero ndi iyi, ndipo muimva kangapo: bwerani ndi funso limodzi, ndipo ola limene mwapatsidwalo mulisamale, chifukwa eni ake ndi omvera.

Tiyambe ndi funsolo, chifukwa panel imakoma kapena kuwonongeka musanafike n'komwe m'chipindamo.

Munthu akakonda chinthu amafuna anene zonse. Ndiye amalemba mutu wakuti, zonse zokhudza One Piece. Koma taganizani. Eiichiro Oda anayamba kujambula One Piece mu 1997. Pa TV inayamba kuonetsedwa mu 1999, ndipo magawo ake anapitirira kale 1,000. Zonsezo mungazikwanitse bwanji m'ola limodzi? Mungogwira apa, n'kudumphira apo, omvera n'kutuluka opanda chimene agwira. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Funso labwino limakhala lopapatiza, koma lozama. Ndipereke chitsanzo. Kodi mukudziwa kuti m'Chijapani, mawu a Goku wa mu Dragon Ball amalankhulidwa ndi mayi? Dzina lawo ndi Masako Nozawa, ndipo agwira ntchito imeneyi kuyambira mu 1986. Mawu a Luffy wa mu One Piece nawonso ndi a mayi, Mayumi Tanaka. A Naruto ndi a Junko Takeuchi, mayinso. Anyamata atatu otchuka kwambiri mu anime, onse akulankhula ndi mawu a amayi. Apa ndiye pali funso: n'chifukwa chiyani zili choncho, ndipo zimasintha chiyani pa mmene timawamvera anyamata amenewa? Wina anena kuti mawu a mnyamata weniweni amasintha akamakula, pamene katuni imatha kuonetsedwa zaka makumi angapo. Wina afunsa kuti nanga bwanji m'Chingerezi Goku wamkulu amalankhulidwa ndi bambo, Sean Schemmel, pamene Luffy ndi Naruto anakhalabe ndi mawu a amayi? Mwaona? Funso ndi limodzi, koma ladzaza ola lonse, ndipo aliyense m'chipindamo ali ndi choti anenepo.

Chitsanzo china, chimene ine chimandikhudza kwambiri. Mu 2021 Netflix inatulutsa anime yotchedwa Yasuke, imene anaikonza LeSean Thomas pamodzi ndi situdiyo ya MAPPA. Yasuke anali munthu weniweni, wa kuno ku Africa. Anafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe wa ku Italy, Alessandro Valignano, ndipo pali zolembedwa zakale zimene zimati kwawo kunali ku Mozambique. Mu 1581 anakaonekera pamaso pa Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu kwambiri wa nthawi imeneyo. Nobunaga sanakhulupirire kuti khungu la munthu lingakhale lakuda choncho, mpaka analamula kuti amusambitse. Kenako anamutenga kuti azimutumikira, anamupatsa nyumba ndi lupanga lalifupi. Chaka chotsatira Nobunaga anafa pa chiwembu cha ku kachisi wa Honnō-ji ku Kyoto, ndipo posakhalitsa dzina la Yasuke linasowa m'mabuku a mbiri. Tsono mu anime ija muli maloboti, muli matsenga, muli zambiri zimene olemba anangopeka. Panel yabwino ingafunse kuti: mbiri yeniyeni ikuthera pati, nthano ikuyambira pati, ndipo kodi wojambula ali ndi ufulu wochuluka bwanji pa moyo wa munthu amene anakhalapodi? Funso limeneli mungalikambe ku Johannesburg kapena ku London, ndipo anthu sadzayasamula.

Njira yodziwira ngati funso lanu lapsa ndi yosavuta. Liuzeni mnzanu m'mpweya umodzi. Akayankha msanga kuti, ayi ine sindikugwirizana nazo, kapena kuti, zoona eti, ndiye kuti lapsa. Akangoti chabwino n'kuyang'ana pa foni yake, kaliganizireninso.

Tsopano tipite ku nkhani yopempha malo. Misonkhano ikuluikulu imatsegula mwayi wopempha mapanel kudakali miyezi ingapo, ndipo ikatseka yatseka. Mudzalemba mutu, ndi mawu ochepa ofotokoza zimene mudzakambe. Mawu ochepawa musawapepuse. Tsiku la msonkhano munthu amakhala ataima pakhonde, foni ili m'manja, akuyang'ana ndandanda, ndipo pa ola lomwelo pali mapanel angapo m'zipinda zosiyanasiyana. Chimene chimukokere kwa inu ndi timizere timeneti. Lembani zomveka, ndipo lembani zoona. Musalonjeze mafunso a mphoto ngati mulibe mphoto. Adzakufunsaninso kuti panel yanu ndi ya anthu a msinkhu wanji. Apa nenani chilungamo. Anime ina ndi ya ana, ina ili ndi magazi ndi zinthu za akuluakulu, ndipo misonkhano yambiri imaika mapanel oterowo usiku, pakhomo n'kumayang'ana ziphaso. Kholo limene labwera ndi mwana wa zaka khumi lidalira zimene inu munalemba.

Nanga pa tebulo paja pakhale ndani? Anthu atatu kapena anayi akwanira. Akachuluka, ola limatha aliyense atangolankhula kawiri. Ndipo musasankhe anzanu okhaokha amene mumaganiza nawo mofanana. Anthu anayi ongovomerezana amagonetsa omvera. Pa panel ya Yasuke ija, mungafune wina wokonda mbiri yakale, wina wodziwa kujambula, ndi wina amene anime ija inamukwiyitsa. Kumanani kusanafike tsikulo, ngakhale pa foni. Auzeni mafunso akuluakulu kuti akonzekere, koma musaloweze mayankho ngati sewero, chifukwa omvera amazindikira msanga. Afunseninso dzina limene akufuna kuti muwatchule nalo. Anthu ambiri okonda anime amadziwika ndi mayina a pa intaneti, ndipo ena safuna kuti dzina lawo lenileni limveke pagulu. Funsani, ndipo phunzirani katchulidwe kake.

Za zipangizo ndingodutsamo mwachangu. Chilichonse chimene mukufuna kuonetsa pa sikirini chikhale kale mu laputopu yanu ndi pa fulashi, chifukwa intaneti ya pa malo odzaza anthu sidalirika. Tengani chingwe chanu cha HDMI ndi kolumikizira koyenera laputopu yanuyo. Tizigawo ta filimu tikhale tatifupi, mphindi imodzi kapena kucheperapo, ndipo tsatirani malamulo a msonkhanowo pa zoonetsa ntchito za eni ake. Anthu sanabwere kudzaonera gawo lonse, limenelo aonera kunyumba. Pomaliza, konzekani moti pulojekita ikakana kuyaka muthe kupitiriza ndi pakamwa pokha.

Kwa amene mwangotsegula wailesi kumene, tikukamba za kuyendetsa zokambirana pa msonkhano wa okonda anime, ndipo tanena kuti munthu abwere ndi funso limodzi, ndipo asamale ola la omvera. Za funso tathana nazo. Tsopano tilowe m'chipindamo, tione za olalo.

Fikani pakhomo kudakali mphindi makumi awiri. Mudzapeza panel ya anzanu isanathe, ndipo anthu anu ayamba kale kufola m'mbali mwa khoma. Apatseni moni. Pezani wothandizira wa m'chipindamo, amene kawirikawiri amakhala wongodzipereka wosalipidwa, mumudziwe dzina, mumufunse kuti adzakuchenjezani bwanji nthawi ikamatha. Ambiri amakweza kapepala kumbuyo kwa chipinda. Dziwaninso kuti ola lanu si ola lathunthu. Anzanu atuluke, inu mulumikize laputopu, kumapeto musiyire ena malo. Zenizeni mumatsala ndi mphindi makumi asanu, nthawi zina zosakwana.

Nthawi ikakwana yambani, ngakhale mipando yambiri ili yopanda anthu. Ndipo musayambe ndi kupepesa kuti anthu achepa. Anthu asanu ndi awiri amene akhala pamenepo asiya zinthu zina zonse za pa msonkhanowo n'kusankha inu. Apempheni asendere kutsogolo, mucheze nawo bwino. Mawu anu otsegulira asapitirire mphindi ziwiri: ndinu ndani, anzanuwa ndi ndani, funso la lero ndi liti, mafunso a omvera adzabwera nthawi yanji. Nenaninso ngati kujambula kuli kololedwa kapena ayi.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kunena poyamba pomwe, ndipo kwa okonda anime ndi nkhani yaikulu zedi: kuulula za kutsogolo kwa nkhani, kumene iwo amati spoiler. Ndifotokoze chifukwa chake. Anime zambiri zimachokera m'mabuku a zithunzi otchedwa manga, ndipo manga imakhala patsogolo, nthawi zina ndi chaka kapena kuposerapo. Ndiye m'chipinda chimodzi muli wina amene anawerenga mpaka kumapeto, wina amene amangoonera pa TV, ndi wina amene anayamba mwezi watha. Munthu amene watha milungu akutsatira Attack on Titan usiku uliwonse, wina n'kungotulutsa mathero ake pa maikolofoni, mwamulanda chinthu chimene simungamubwezere. Choncho ikani malire momveka. Nenani kuti, lero tikamba mpaka pamene TV yafika, za mu manga tisazikhudze. Ndipo wina akayamba kudumpha malirewo, kaya ndi wa pa tebulo kaya ndi womvera, mudule pomwepo, mwaulemu koma msanga. Mukachedwa ndi mpweya umodzi, mawu atuluka kale.

Tsopano kuyendetsa kwenikweniko. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, chifukwa amaganiza kuti maikolofoni ali m'manja mwawo kuti alankhule kwambiri. Ayi. Inu ndinu wapampando. Ntchito yanu ndi kufunsa, kumvetsera, ndi kugawa nthawi. Mukaona kuti mawu anu akumveka kuposa a anzanu a pa tebulo, bwererani m'mbuyo.

Kumvetsera ndi kumene kumabala funso lotsatira. Mwina munalemba mafunso khumi pa pepala, koma wina wanena chinthu chimene chadzutsa chipinda chonse, anthu ayamba kung'ung'udza ndi kugwedeza mitu. Siyani pepalalo, tsatirani pamenepo. Mufunseni kuti, tafotokozani bwino, mukutanthauza chiyani? Kapena tembenukirani kwa mnzake: inu mukuvomereza? Mafunso amene atsala pa pepala sadandaula.

Pa tebulo lililonse pamakhala wina wolankhula kwambiri ndi wina wachete. Wolankhulayo kawirikawiri si woipa mtima, wangotengeka ndi chinthu chimene amachikonda. Dikirani apume, mulowe ndi mawu ngati awa: mfundo imeneyo ndi yamphamvu, tiyeni timve achemwali apa akuiona bwanji. Mwamulemekeza, ndipo mwasuntha nkhani. Wacheteyo mumutchule dzina ndi kumupatsa funso lolunjika pa zimene amadziwa. Nthawi zambiri ndi iyeyo amene amanena mawu amene anthu amapita nawo kunyumba.

Kutsutsana kudzabwera, ndipo musakuope. Pali mkangano umene suzizira pakati pa okonda anime: kodi chabwino n'chiti, kuonera m'Chijapani ukuwerenga mawu pansi pa sikirini, kapena kuonera zimene anazilankhulanso m'Chingerezi? Iwo amangoti sub kapena dub. Mukautsegula umenewu, chipinda chimatentha. Palibe vuto, bola anthu azitsutsa mfundo, osati munthu. Wina akayamba kunena kuti oonera dub si okonda anime enieni, pamenepo lowererani. Pali anthu amene maso awo savomera kuwerenga timawu tothamanga, pali ana amene sanafike powerenga msanga. Onsewo chipindacho n'chawo.

Tifike pa mafunso a omvera, gawo limene ine ndimaliona kuti ndi mtima wa panel. Lisiyireni mphindi zosachepera khumi ndi zisanu, ndipo musalole kuti anzanu a pa tebulo azidye. Musanatsegule, nenani lamulo: funso limodzi, lalifupi, kuti ambiri apeze mpata. Ngakhale mutero, adzaimirira wina amene adzayamba kufotokoza mmene anayambira kuonera anime ali mwana. Mupatseni kanthawi, kenako mufunseni mokoma kuti, ndiye funso lanu ndi lotani? Ngati alibe, muthokozeni mupite kwa wina.

Funso lililonse mulibwereze pa maikolofoni musanalipereke kwa woyankha. Amene ali kumbuyo sanamve, ndipo wofunsayo mwina wavala chigoba cha cosplay chophimba nkhope yonse, mawu akutulukira mu pulasitiki. Kubwereza kumakupatsaninso mpata wowongola funso limene linali lokhotakhota. Ndipo maso anu asamangoona manja a kutsogolo. Yang'anani kumbuyo, yang'anani m'mbali, yang'anani amene ali pa njinga ya olumala amene sangathamangire pa mzere. Mwana akakweza dzanja, mupatseni. Walimba mtima kwambiri kuti atero.

Ndiwonjezepo za alendo, chifukwa tsiku lina mungapatsidwe mwayi woyendetsa panel ya munthu wochokera ku Japan, kaya wojambula, kaya wolankhula mawu a m'makatuni. Pamenepo pamakhala womasulira, ndipo chilichonse chimanenedwa kawiri, kotero nthawi yanu yagawika pakati. Mafunso akhale afupi, opanda nthabwala zovuta kumasulira. Pofunsa yang'anani mlendoyo, osati womasulira. Potchula dzina lake onjezani san kumapeto, monga Tanaka-san, ndiwo ulemu wa kwawo. Dziwaninso kuti anthu amenewa amasaina mapangano oletsa kuulula ntchito zimene sizinatuluke. Womvera akafunsa kuti gawo lotsatira lituluka liti, musamusiye mlendo akuvutika yekha. Yankhani inuyo kuti zimenezo saloledwa kukamba, mupite pa funso lina. Chimodzimodzinso wina akapempha mlendo kuti anene zotukwana kapena zochititsa manyazi ndi mawu a munthu wa m'katuni. Kukana kumeneko ndi ntchito yanu, kuti mlendo asaoneke wouma mtima pamaso pa anthu omukonda.

Kapepala kaja kakakwezedwa kumbuyo kuti kwatsala mphindi zisanu, nenani kuti tilandira funso lomaliza. Likayankhidwa, thokozani a pa tebulo mmodzimmodzi, thokozani wothandizira uja, thokozani omvera, ndipo zulani laputopu yanu. Musapemphe mphindi zina ziwiri. Panja pali munthu wina amene wakonzekera miyezi ngati inu, ndipo anthu ake afola kale. Amene ali ndi mafunso otsala auzeni kuti mukumana nawo pakhonde, ndipo mukaimedi pamenepo kwa kanthawi. Macheza a pakhondewa ndi amene amakupezerani anthu odzakhala nawo pa tebulo chaka chamawa.

Tisanasiyane, ndikusiyireni ntchito, makamaka inu achinyamata amene mumaonera anime pa foni kapena pa laputopu ndi anzanu. Simufunika kudikira Los Angeles kapena Johannesburg. Kalasi ya kusukulu ikatha maphunziro ikwanira, anthu khumi akwanira. Ndiye taganizani usiku uno: pa anime zonse zimene mwaonera, ndi funso liti limene inu ndi anzanu mumakanganirana osamaliza? Ndani angakhale nanu pa tebulo amene saganiza ngati inu? Ndipo malire a spoiler mungawaike pati? Kambiranani kunyumbako, ndipo makolo, afunseni anawo, muone mmene ayankhire.